Kuphunzira Chingerezi Choti Muzilankhula: Yambani ndi Ziganizo Zathunthu

Alipo anthu ambiri amene anakhoza bwino mayeso a Chingerezi, amadziwa kuti "go" amasanduka "went", amatha kutchula ngakhale mayina a nthawi zonse za mneni, koma mlendo akawafunsa kanthu pakamwa pamangouma. Mawu amakhala alimo ndithu m'mutu, kungoti amatuluka limodzilimodzi, ndipo pamene munthu akusanjasanja kuti liti litsogole liti litsatire, wofunsa uja amakhala atatembenukira kwa wina. Vuto lagona pa kaphunziridwe. Munthu wolankhula mosadodoma sayamba kupanga chiganizo chilichonse pamene akufuna kuchinena. Ali ndi zigawo zambirimbiri zokonzeratu zimene amangotola n'kulumikiza. Ndiye dongosolo lake ndi ili: muyambe mwazoloweretsa lilime ziganizo zathunthu, kenako muonjezere mawu, ndipo galamala muziitenga m'zimene mukutha kale kunena.

Dziwani kumene Chingerezicho chikagwire ntchito

Tengani pepala mulembe malo atatu kapena anayi amene mukufunikira Chingerezi mwezi uno. Wina akukonzekera mafunso ofunsira ntchito, wina akufuna kulemba imelo kwa abwana ake, wina kumva zimene mphunzitsi akunena m'kalasi, wina kulankhula ndi makasitomala. Pansi pa malo aliwonse lembani m'Chichewa zinthu khumi zimene mumafuna kunena koma mumakakamira. Pepala limenelo ndiye silabasi yanu. Mabuku ambiri amayamba ndi mitundu ya zinthu ndi mayina a nyama chifukwa wolembayo sakukudziwani, pamene inu mukudzidziwa.

Pa mabuku ndi maphunziro a pa intaneti muzikumana ndi zizindikiro monga A2 kapena B1. Zinachokera ku bungwe la Council of Europe, limene mu 2001 linatulutsa muyeso wa magawo 6: A1 ndi A2 a oyamba kumene, B1 ndi B2 a apakati, C1 ndi C2 a odziwa kwambiri. Ntchito yake kwa inu ndi yosankhira zowerenga ndi zomvera za msinkhu wanu. Ambiri amadziika pamwamba chifukwa cha manyazi, n'kugwa ulesi patsamba lachitatu. Tsikani gawo limodzi pansi pa pomwe mukudziganizira, palibe amene akukuonani.

Ziganizo zoyamba kuloweza

Musanakhudze china chilichonse, lowezani ziganizo zokupulumutsani pamene mwasokonezeka. Ngati simunamve, nenani "Sorry, could you say that again?" Ngati munthu akuthamanga, "Could you speak more slowly, please?" Mawu achilendo akatuluka, "What does that word mean?" kapena "How do you spell it?" Pofuna kutsimikiza kuti mwamva zolondola, yambani ndi "Do you mean…?" n'kubwereza m'mawu anuanu. Ndipo pofuna kampata koti muganize popanda kukhala chete ngati mwakwiya, pali "Let me think for a moment."

Safunsa anadya phula. Ophunzira ambiri amangogwedeza mutu n'kumati "yes, yes" pomwe sanatolepo kanthu, mapeto ake kuvomera zinthu zimene sakuzidziwa. Munthu amene ali ndi ziganizo zochepazi amatha kucheza ndi aliyense, chifukwa macheza aliwonse amasanduka phunziro.

Taonaninso china. Mukaloweza "What does that word mean?" monga momwe chilili, mwaphunziriratu kafunsidwe ka funso ndi "does" musanamve n'komwe lamulo lake. Tsiku limene mudzakumane ndi lamulolo m'buku, lidzangokufotokozerani chinthu chimene pakamwa panu padziwa kale.

Zikakhazikika zimenezi, pitani ku ziganizo zokhala ndi mpata woti muikemo zanu. Zina mwa zothandiza kwambiri ndi "I'd like to…", "Could you…?", "I'm afraid I can't…", "Have you ever…?", "I used to…", "It depends on…", "Would you mind…?" ndi "I'm looking forward to…". Ziwiri zomalizazo zimafuna mneni wothera ndi "-ing": "Would you mind waiting?", "I'm looking forward to meeting you." Musavutike kufufuza chifukwa chake panopa, ingozigwirani choncho. Pa chilichonse pangani ziganizo zisanu zonena zoona za moyo wanu. Chiganizo chonena za inu chimakanirira m'mutu, pomwe cha munthu wongopeka wa m'buku chimachoka tsiku lomwelo.

Apa m'pamene pagonanso nkhani ya ulemu. Ife timasiyanitsa "iwe" ndi "inu", ndipo kungoonjezera "-ni" kumapeto kwa mneni pempho lakhala laulemu. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yemweyo kwa mwana ndi kwa agogo, choncho ulemu wake umabisala m'kapangidwe ka chiganizo. "Give me the form" chimamveka ngati lamulo ngakhale mutachinena mofatsa bwanji. "Could I have the form, please?" ndiye pempho. "I want" asanduke "I'd like". Anthu aulemu wawo amaoneka amwano m'Chingerezi chifukwa cha kanthu kakang'ono kameneka.

Kalowezedwe ka ziganizozi n'kotulutsa mawu, osati kowerenga chamumtima. Chiganizo chikatalika yambirani kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo: "the office is", kenako "where the office is", kenako "tell me where the office is", mpaka "Could you tell me where the office is?" Mukatero mbali yovuta ya kumapeto ndi imene mwaibwereza kwambiri, ndipo lilime silipunthwa likafika pamenepo.

Mawu ati, ndipo angati

Chingerezi chili ndi mawu ochuluka zedi, koma ogwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Mu 1953 katswiri wina wa kaphunzitsidwe ka Chingerezi, Michael West, anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 opezeka kawirikawiri, ndipo mawu amenewa okha amakwana pafupifupi anayi mwa asanu alionse m'nkhani wamba yolembedwa. A Oxford nawo ali ndi mndandanda wawo wotchedwa Oxford 3000, umene umapezeka pa intaneti. Kumtunda kwake, Paul Nation wa ku New Zealand anawerengera mu 2006 kuti munthu amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 kuti awerenge nyuzipepala kapena buku la nthano osadalira thandizo, ndi 6,000 mpaka 7,000 kuti amve zolankhulidwa. Banja la mawu ndi monga "teach", "teacher", "teaching" ndi "taught", onse kuwawerenga ngati amodzi.

Manambala amenewa akutiuza kuti mawu 2,000 oyamba ndi amene ali ndi phindu lalikulu, ndipo oposera pamenepo amabwera pang'onopang'ono kudzera m'kuwerenga. Choncho pewani chizolowezi chotola mawu akuluakulu ozunguza mutu n'cholinga choti anthu akuopeni. Ine ndimaona kuti wophunzira amene akudziwa ntchito khumi za mawu oti "get" ali patsogolo kuposa amene waloweza mawu aatali makumi asanu amene eni chilankhulo sawatchula ngakhale kamodzi pachaka.

Khalani ndi kope la mawu, koma musalembemo liwu lili lokhalokha. Mawu a Chingerezi amayenda ndi anzawo, ndipo anzawowo sasankhidwa mwanzeru zathu. Amati "make a mistake" koma "do homework", "take a photo" koma "pay attention". Mvula yambiri ndi "heavy rain", pomwe mphepo yamphamvu ndi "strong wind". Aperekezi nawo alembedwe limodzi ndi mawu awo ngati kuti ndi liwu limodzi: "depend on", "listen to", "good at", "afraid of", "interested in", "married to". Mukalemba "listen" yekha, tsiku lina mudzanena "listen me" mosadziwa. Pansi pa liwu lililonse ikani chiganizo chimene munalipezamo, kenako china chanuchanu.

Pa ntchitoyi mukufunika mtanthauziramawu wolembedwera ophunzira, monga amene amatulutsa a Oxford, Cambridge ndi Longman. Amafotokoza m'Chingerezi chosavuta, amapereka zitsanzo, ndipo a pa intaneti amakutchulirani liwulo mukadina. Muziyang'ana zilembo C ndi U pafupi ndi dzina, chifukwa zimakuuzani ngati dzinalo limawerengeka kapena ayi. Ubwino wake tiuona kutsogoloku.

Pali gulu lina la aneni limene limasowetsa mtendere ophunzira onse, aneni ophatikana ndi timawu ting'onoting'ono. "Give" ndi kupatsa, koma "give up" ndi kutaya mtima n'kusiya. "Look after" ndi kusamalira, "put off" ndi kukankhira kutsogolo tsiku lochitira chinthu, "turn down" ndi kukana, "run out of" ndi kutheredwa. Tanthauzo silichokera m'zigawo zake, ndiye atengeni ngati mawu atsopano, awiri kapena atatu pa nthawi. Kuloweza onse oyamba ndi "get" tsiku limodzi n'kudzisokoneza dala.

Kumbali ya timaphatikizo tosintha tanthauzo, wolankhula Chichewa ali ndi mwayi, poti kwathu n'chizolowezi kuchoka pa "manga" kupita pa "mangitsa" ndi "mangidwa". Chingerezi chili ndi "un-" wotsutsa, "re-" wobwereza, "-er" wa wochita, "-ful" ndi "-less" a kukhala nacho ndi kusowa. Mukadziwa "care", mwapezeratu "careful", "careless" ndi "carefully".

Kubwereza pa nthawi yake

Kuloweza mawu makumi atatu usiku umodzi osawabwereranso n'kutunga madzi ndi dengu. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kuti zimene taloweza zimachoka mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Mankhwala ake ndi kubwereza motalikitsa mipata: mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata, patatha masabata awiri, patatha mwezi.

Njira yosavuta yochitira zimenezi inatchuka ndi mtolankhani wina wa ku Germany komweko, Sebastian Leitner, m'zaka za m'ma 1970. Dulani timakhadi. Mbali imodzi lembani chiganizo cha Chichewa, mbali inayo cha Chingerezi. Pezani timabokosi kapena maenvulopu atatu. Loyamba muzilitsegula tsiku lililonse, lachiwiri kawiri pa sabata, lachitatu kamodzi pa masabata awiri. Khadi limene mwakhoza likwere kupita ku bokosi lotsatira, limene mwalephera libwerere ku loyamba ngakhale linali litafika kale kumapeto. Amene ali ndi foni kapena kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu monga Anki, imene imawerengera yokha masikuwo.

Chinsinsi chake n'chakuti muziyang'ana mbali ya Chichewa n'kuyesa kutulutsa Chingerezicho pakamwa musanatembenuze. Kuvutika kwa kamphindi kameneko, pamene mawu ali pafupi koma sakubwera, ndiko kumakhomerera. Kungowerenga kope kuchokera pamwamba mpaka pansi kumanyenga: zonse zimaoneka zodziwika, koma muzifune pocheza, palibe. Makhadi atsopano asanu ndi atatu kapena khumi patsiku ndi okwanira.

Galamala: yambani pomwe Chichewa chimakukokerani kumbali

Buku la galamala lili ndi mitu yambiri, koma zolakwa za munthu mmodzi zimachokera pa malo ochepa, makamaka pomwe chilankhulo chake chimayenda mosiyana ndi Chingerezi. Kumeneko n'kumene kukufunika mphamvu zanu.

Chichewa chimanyamula wochita, nthawi ndi ntchito m'liwu limodzi, monga "ndidzapita". Chingerezi chimaziyala padera, "I will go", ndipo sichilola chiganizo chopanda mwininkhani ngakhale pamene palibe wochita weniweni. N'chifukwa chake amati "It is raining" ndi "There is a problem". Mfotokozi amatsogola dzina, "a big house", pomwe ife timati nyumba yaikulu. Izi ambiri amazigwira msanga.

Zimene zimachedwa ndi "he" ndi "she". Kwa ife "iye" ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, motero munthu wodziwa bwino lamulo amapezekabe akunena "my mother, he…" akatanganidwa ndi nkhani. Apa kufotokoza sikuthandiza, pakufunika kuzoloweretsa. Tsiku lililonse nenani ziganizo khumi za mkazi mmodzi amene mumam'dziwa, zonse ndi "she" ndi "her", mawa lake za mwamuna ndi "he", "him" ndi "his". Pakatha milungu ingapo musakanize awiriwo m'nkhani imodzi.

Kenako "a", "an" ndi "the". Liwu loti "the" ndi limene limapezeka kwambiri kuposa lina lililonse m'Chingerezi, choncho kulilakwa kumaonekera msanga. Poyambira pabwino ndi apa: chinthu chikamatchulidwa koyamba, womvera asanachidziwe, chimatenga "a". Chikadziwika chimatenga "the". Chichewa chimachita zofanana ndi zimenezi mwa njira yake. Timati "Ndinaona munthu pakhomo. Munthuyo anali ndi kalata." M'Chingerezi ndi "I saw a man at the door. The man had a letter." Paliponse pamene m'Chichewa mukanaika "-yo", "-cho" kapena "uja", yesani "the". Sizikwana pena paliponse, koma zimakufikitsani patali. Kusankha pakati pa "a" ndi "an" kumatsata kamvekedwe, osati chilembo: "an hour" chifukwa "h" samveka, koma "a university" chifukwa liwulo limayamba ngati "yu".

Aja mayina a chilembo U ndi amene satenga "a" kapena "-s". Odziwika pa kukola anthu ndi "advice", "information", "furniture", "equipment" ndi "luggage". Palibe "advices" kapena "informations". Mukafuna kuwerenga nenani "a piece of advice", apo ayi "some information".

Za nthawi za mneni, mabuku ambiri amaika 12 pa tebulo limodzi, ndipo tebulo limenelo lathawitsa anthu ochuluka. Yambani ndi zisanu: "I work" ya chizolowezi, "I am working" ya zimene zikuchitika panopa, "I worked" ya zakale, "I will work" kapena "I'm going to work" ya zam'tsogolo, ndi "I have worked". Ziwiri zoyambazo n'zosavuta kwa ife chifukwa tili ndi "ndimagwira" ndi "ndikugwira". Msampha uli pa aneni osonyeza mmene zinthu zilili, monga "know", "want", "understand", ndi "have" wa kukhala ndi chinthu. Ife timati "ndikudziwa", koma Chingerezi chimati "I know", ndipo "I am having two brothers" n'cholakwika, chimafunika "I have two brothers". Musaiwalenso "-s" wa munthu wachitatu, "she works", "he goes".

Pa mafunso ndi kukana, "did" akalowa ndiye wanyamula kale nthawi yakale, mneni akhale wosasintha: "Did you go?", "I didn't see him." Kunena "I didn't saw" n'kulemba nthawi kawiri.

"I have worked" ndi yovutirapo. Lamulo limodzi lokha likupulumutsani ku zolakwa zambiri: mukatchula nthawi imene inatha, monga "yesterday", "last week" kapena "in 2020", musaike "have". Ndi "I saw him yesterday". Pamene nthawi sikutchulidwa, kapena chinthucho chikupitirirabe, "have" ndiye malo ake: "I have seen that film", "I have lived here for three years". "For" amayenda ndi kutalika kwa nthawi, "since" ndi pomwe inayambira, monga "since Monday".

Aneni osatsata lamulo la "-ed" amene amagwira ntchito masiku ano alipo pafupifupi 200, koma musawaloweze motsata alifabeti. Aikeni m'magulu a kamvekedwe. "Sing, sang, sung" ayende ndi "ring, rang, rung" ndi "drink, drank, drunk". "Buy", "bring" ndi "think" m'nthawi yakale onse amathera pa "-ought", ndipo "teach" ndi "catch" pa "-aught", kamvekedwe kake n'kamodzi. "Know, knew, known" ali ndi abale ake "grow", "throw" ndi "blow". Ndiye pali aulesi amene sasintha n'komwe: "cut", "put", "hit", "shut".

Nali vuto lina limene limadzetsa kusamvana kwenikweni. Wina akakufunsani m'Chichewa kuti "Simunapite?" mumayankha "Inde, sindinapite", kuvomereza zimene wanenazo. Chingerezi chimayang'ana chochitikacho. "Didn't you go?" ngati simunapite yankho ndi "No, I didn't", ngati munapita ndi "Yes, I did". Kuti musasokoneze anthu, musayankhe "yes" kapena "no" yekha pa funso lotere, muzimaliza kachiganizoko.

Palinso mawu athu amodzi amene m'Chingerezi amagawika. Kumva kuli "hear" kwa khutu, "feel" kwa thupi, "understand" kwa nzeru, ndi "smell" kwa mphuno. "Ndibwerekeni cholembera" chimatikokera ku "borrow me", pomwe choyenera ndi "Could you lend me a pen?" kapena "Can I borrow your pen?" Wotenga ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Aneni "discuss" ndi "enter" safuna mperekezi: "discuss the plan", "enter the room". Ndipo pa nthawi, "at" ndi wa ola, "on" wa tsiku, "in" wa mwezi ndi chaka: "at six o'clock", "on Friday", "in June".

Zonsezi musazimeze pamodzi. Sankhani cholakwa chimodzi pa sabata, mulembe ziganizo zake zolondola pa makhadi aja, ndipo sabata imeneyo muzidzitchera khutu pa chimenecho chokha. Zina zilekeni zidutse, nthawi yake ifika.

Katchulidwe

Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, ndipo mwa amenewa pafupifupi 20 ndi a mtundu wa a, e, i, o, u, pomwe Chichewa chili ndi asanu okha. N'chifukwa chake "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", kapena "hat", "hut", "heart" ndi "hurt" amamveka ofanana m'khutu lathu. Khutu liyambe kusiyanitsa, lilime litsatira. Mverani mawu awiriawiri otere mu mtanthauziramawu wa pa intaneti, kenako wina akutchulireni limodzi inu muloze kuti ndi liti.

Kwa ife "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la liwu, koma m'Chingerezi "light" ndi "right", "play" ndi "pray", "collect" ndi "correct" ndi zinthu zosiyana. Pa "l" nsonga ya lilime imakhudza kuseri kwa mano a m'mwamba. Pa "r" lilime limapindikira m'mbuyo pang'ono osakhudza paliponse. Pa "th" nsonga ya lilime ituluke pang'ono pakati pa mano, ngakhale poyamba muzidziona ngati mukuchita zachibwana.

Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, motero lilime limafuna kuonjezera kaliwu kumapeto kwa "book" kapena "desk". Yesetsani kutseka liwu pomwe lathera. "-ed" ali ndi kamvekedwe katatu: ngati "t" mu "worked", ngati "d" mu "played", ndipo amakhala phatikizo lapadera pokhapokha mneni akathera ndi liwu la "t" kapena "d", monga "wanted" ndi "needed". Zilembo zina n'zongokongoletsa, sizimveka: "k" mu "knee", "t" mu "listen", "b" mu "doubt".

Chimene ambiri sachilabadira, koma n'chimene chimachititsa kuti anthu asakumveni, ndi malo otsindika. Liwu lililonse lalitali lili ndi phatikizo limodzi lomveka mwamphamvu. "Record" mukatsindika koyamba ndi dzina, mukatsindika kumapeto ndi mneni, chimodzimodzi "present". M'kope mwanu muzidula mzere pansi pa phatikizo lotsindikidwalo. Za kufuna kumveka ngati wobadwira ku London, zisiyeni. Eni Chingerezi okhaokha, a ku Scotland, Texas ndi Sydney, salankhula mofanana. Cholinga n'choti wakumvani asafunse kawiri.

Kumva, kuwerenga ndi kutulutsa mawu tsiku lililonse

Sankhani zowerenga zimene mukudziwa pafupifupi mawu onse, achilendo akhale awiri kapena atatu pa 100 alionse. Alipo mabuku a nthano ofewetsedwa dala motsata magawo aja a A ndi B. Tsamba likadzaza ndi mawu achilendo, limenelo si lanu panopa. Powerenga musaime pa liwu lililonse, lembani kadontho pambali, ndipo muliyang'ane pokhapokha likabweranso kachiwiri kapena kachitatu.

Zomvera nazo zikhale zazifupi. A BBC Learning English ali ndi timaphunziro ta mphindi zochepa tokhala ndi zolembedwa zake, ndipo wailesi ya Voice of America inayamba mu 1959 kuulutsa nkhani m'Chingerezi cholankhulidwa pang'onopang'ono cha mawu pafupifupi 1,500. Tengani kachigawo ka mphindi imodzi kapena ziwiri. Koyamba mverani osayang'ana zolemba, kachiwiri mukuwerenga, kachitatu muzilankhula motsatira wolankhulayo, mukutengera pomwe akukweza, pomwe akutsitsa ndi pomwe akupumira. Pomaliza dzijambuleni mawu pa foni n'kuyerekeza. Palibe amene amakonda kumva mawu ake, koma mphindi imodzi imeneyo imakuululirani zimene anzanu amachita manyazi kukuuzani.

Pa kulankhula, pezani mnzanu mmodzi wa cholinga chofanana. Fotokozani nkhani imodzi kwa mphindi zinayi, mubwereze yomweyo m'mphindi zitatu, kenako ziwiri. Ulendo wachitatu mudzamva nokha kuti kudodoma kwachepa, chifukwa mutu sukufunanso mawu, ukungowatulutsa. Pamene mukuchita zimenezi mnzanuyo asakuduleni pakamwa, azilemba zolakwa ziwiri kapena zitatu n'kukuuzani mukamaliza. Ngati mnzanu palibe, lankhulani nokha zimene mukuchita: "I'm opening the window", "I've lost my keys again".

Theka la ola patsiku lingagawidwe motere: mphindi khumi makhadi, khumi kumvera ndi kutsatira, khumi kulankhula kapena kulemba. Polemba, ziganizo zisanu za zimene zachitika tsikulo n'zokwanira. Mukamaliza ziwerengeni katatu, ulendo uliwonse mukusaka chinthu chimodzi: koyamba nthawi za aneni ndi "-s", kachiwiri "a" ndi "the", kachitatu "he" ndi "she" pamodzi ndi aperekezi. Mukapereka kwa mphunzitsi kapena wina wodziwa, m'pempheni kuti angodula mzere pansi pa cholakwa osalembapo yankho. Mukonze nokha, mum'bwezere aonenso, ndipo chiganizo chokonzedwacho chilowe pa khadi latsopano m'bokosi loyamba.